Za Kufunsa Ana pa Phunziro la Masewera Olimbitsa Thupi

Mwa maphunziro onse amene mwana amakumana nawo kuyambira tsiku limene walowa Sitandade 1 kufikira tsiku limene alemba mayeso a Sitandade 8, palibe lina limene limamuika poyera monga phunziro la masewera olimbitsa thupi; pakuti akalakwa samu, cholakwacho chimabisala m'kope mwake ndipo wochiona ndi mphunzitsi yekha, koma akaphonya mpira, kapena akakodwa ndi chingwe podumpha, kapena akatsalira m'mbuyo pa liwiro, maso a kalasi yonse amagwera pa iye, ndipo phwete la anzake amapita nalo mpaka kwawo. N'chifukwa chake funso lakuti kodi ana aziikapo mlomo pa zochitika m'phunziro limeneli liyenera kulingaliridwa modekha, ngakhale kuti ambiri a ife, amene tinaleredwa m'mwambo wakuti mwana pamaso pa akulu amagwira pakamwa, timalimva ngati chiyambi cha mwano. Ine ndikukhulupirira kuti ana ayenera kufunsidwa, ndipo kuti mphunzitsi wowafunsa mwanzeru ulemu wake umakula. Koma kufunsako kuli ndi malire ake ndi misampha yake, imene sitiyenera kuibisa.

Kaphunzitsidwe kamene tinakalandira kwa makolo athu a m'sukulu zakale kanali ka mizere ndi wenzulo. Ana ankafola pabwalo, mphunzitsi n'kufuula, manja onse n'kukwera kumwamba nthawi imodzi ndi kutsika nthawi imodzi, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito ankadziwika ndi kuongoka kwa mizere yake. Kaphunzitsidwe kameneka kanali ndi ubwino wake, popeza kanazoloweza ana kumvera ndi kuchita zinthu pamodzi, ndiponso sikankafuna chipangizo china chilichonse koposa mawu a mphunzitsi. Koma m'menemo woganiza anali munthu mmodzi yekha, ena onse anali manja ndi miyendo. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana anakhamukira ku sukulu kotero kuti chiwerengero chawo chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mphunzitsi amene kale ankafoletsa ana makumi angapo anapezeka ataima pamaso pa khamu. Pambuyo pake, pamene maphunziro atsopano okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi anayamba kulowa m'sukulu m'chaka cha 2007, masewera olimbitsa thupi anamangidwa mtolo umodzi ndi nyimbo, magule, zisudzo, zosokasoka ndi zojambula m'phunziro la Expressive Arts. Ndipo popeza mayeso amalembedwa papepala, nthawi zambiri masewerawo amathera pa bolodi, mwana n'kuloweza kuti timu ya mpira wa ntchembere mbaye imakhala ndi osewera asanu ndi awiri, koma mpirawo osaukhudza.

Tsono amene akufuna kudziwa ngati ana a msinkhu umenewu angathe kugamula kanthu, aime pakhonde la sukulu iliyonse belu la buleki likangolira, ayang'ane atsikana a Sitandade 4 akuyamba fulaye. Pasanathe mphindi ziwiri amakhala atagawana magulu, atalemba malire ndi chala cha kuphazi m'fumbi, ataika botolo la mchenga pamalo pake, ndiponso atagwirizana kuti mpira ukakhudza diresi lokha munthu wafa kapena sanafe. Wamng'ono amene wabwera ndi mkulu wake amamuponyera mpira mofewetsa, ndipo pakabuka mkangano wakuti wina wagendedwa koma akukana, mlanduwo umazengedwa pomwepo, mboni n'kumveka, chigamulo n'kuperekedwa, masewera n'kupitirira. Cha uko anyamata amanga mpira wachikulunga ndi mapepala a pulasitiki ndi luzi, ayeza zigoli ndi mapazi, ndipo ataona kuti timu ina yachepekedwa, aipatsa munthu. Zonsezi zimachitika popanda wamkulu. Chodabwitsa n'chakuti ana omwewa, belu likaliranso n'kutuluka ndi mphunzitsi ku bwalo lomwelo, timawayesa osadziwa kanthu, oyenera kuuzidwa poima ndi popumira. Sindikunena kuti ufumu wa ana pa buleki ndi wolungama m'zonse, pakuti kumeneko mwini mpira ndiye mfumu, ndipo wofooka amatha chaka chathunthu ali pagolo. Koma luso la kupangana, kuweruza ndi kusintha malamulo kuti masewera akome ali nalo kale, ndipo sukulu imene ilisiya kunja kwa phunziro ikutaya chuma chimene sinachivutikire.

Malamulo a mayiko nawonso sanakhale chete pa nkhaniyi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 November 1989, ndipo dziko lathu linalowamo m'chaka cha 1991, limanena m'ndime yake ya 12 kuti mwana amene wafika potha kukhala ndi maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena pa zinthu zonse zomukhudza, ndi kuti maganizowo apatsidwe kulemera koyenerana ndi msinkhu wake ndi kukhwima kwake. Ndime ya 31 imatchula ufulu wa kupuma ndi kusewera. Alipo amene amati zimenezi n'zachilendo, zobwera ndi ngalawa; koma atsogoleri a mu Africa, atakumana ku Addis Ababa m'chaka cha 1990, analemba pangano lawolawo la ufulu ndi ubwino wa mwana, m'mene anaika ufulu wa mwana wonena maganizo ake pamodzi ndi udindo wake wolemekeza makolo ndi akulu, osaona kuti ziwirizi zikulimbana. Ndipo kunena zoona sizilimbana, pakuti ngakhale pabwalo la milandu kumudzi, mfumu yodziwa ufumu siyamba ndiyo kulankhula: imakhala phee, nduna zilankhule, eni mlandu alankhule, mboni zilankhule, ndipo ikadzatsegula pakamwa pomalizira, mawu ake amalemera chifukwa yamva onse. Mphunzitsi wofunsa ana sanatule pansi mpando wake. Chigamulo chikadali chake, koma ndi chigamulo cha munthu amene wayamba wamva.

Munthu amene anaunika bwino nkhani imeneyi m'maphunziro a masewera ndi Muska Mosston, mphunzitsi wa ku America, amene m'buku lake la m'chaka cha 1966 anasonyeza kuti kuphunzitsa konse ndi mndandanda wa zosankha, zina zochitika phunziro lisanayambe, zina phunziro lili mkati, zina litatha, ndipo kuti kusiyana kwa kaphunzitsidwe kena ndi kanzake kwagona pa funso limodzi lokha, lakuti chosankha chilichonse chili m'manja mwa yani. Ganizo limeneli limachotsa mantha ambiri, chifukwa limatisonyeza kuti sitikukamba zopereka phunziro lonse kwa ana kapena kuwamana lonse, koma zowerenga zosankhazo chimodzichimodzi ndi kuona chimene mwana angachisenze. Chitsanzo chimene Mosston ankakonda kupereka n'chosavuta, moti sukulu iliyonse yokhala ndi chingwe cha khonje ingachiyese mawa lomwe. Kawirikawiri podumpha chingwe ana awiri amachigwira chopingasa, onse n'kudumpha, kenaka n'kuchikweza, ndipo aliyense wochikhudza amakhala pansi. Mapeto ake mwana amene akusowa kwambiri kuphunzira kudumpha ndiye amayamba kutuluka, amadumpha kamodzi kokha, pamene katswiri amadumpha kakhumi. Koma chingwe chomwecho mukachigwira chopendekeka, mbali ina pafupi ndi nthaka, mbali ina cha m'chiuno, mwana aliyense amadzisankhira podumphira. Wamantha amayambira kotsika, akapambana n'kusendera yekha kokwera, wolimba mtima amapita kumene kuli kovuta, ndipo palibe wotuluka. Mphunzitsi ndiye wasankha kuti lero n'kudumpha, ndiye wasankha malo ndi chingwe. Chimene wapereka kwa mwana ndi muyeso wokha, ndipo muyesowo mwini thupi amaudziwa kuposa wina aliyense.

Kuchokera pa chingwecho njira ndi yotakasuka. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 angasankhe pakati pa zinthu ziwiri zimene mphunzitsi wamuikira, monga kuyamba ndi jingo kapena chipako, kuponya mpira ali pafupi kapena atatalikira. Wa Sitandade 4 angathe kusintha lamulo la masewera ndi kufotokoza chifukwa chake, angathe kutsogolera anzake potenthetsa thupi, angathenso kubweretsa masewera kapena gule wa kwawo n'kuphunzitsa kalasi yonse, chinthu chimene chimakweza mwana amene m'kalasi samveka dzina. Akuluakulu a Sitandade 7 ndi 8 angapatsidwe zoposa apa, monga mwa njira imene Daryl Siedentop wa ku Ohio State University anaifotokoza m'buku lake la m'chaka cha 1994, yakuti ana akhale m'matimu osasinthasintha kwa nyengo yaitali, ndipo m'timu iliyonse mukhale kaputeni, wophunzitsa anzake, woimbira ndi wolemba zigoli, maudindowo azisinthana, kuti mwana aphunzire masewera kuchokera kumbali zake zonse. Mwana amene wagwirapo wenzulo n'kumva kulemera kwa kuweruza anzake sathamangira kunyoza woimbira akadzakula.

Koma pano ndi pamene pali msampha waukulu, ndipo aphunzitsi amene amakayikira za kufunsa ana amakhala atauona ndi maso awo. Mukaimirira pamaso pa kalasi n'kufunsa kuti lero tisewere chiyani, yankho limabwera ngati bingu, mpira, ndipo oyankhawo ndi anyamata khumi amphamvu a kumbuyo, amene kale lomwe bwalo ndi lawo. Mphunzitsi akagonjera phokosolo n'kuponya mpira pakati, iye n'kukakhala pansi pa mtengo, sanamve ana. Wamva olimba okha, ndipo wawapatsa chilolezo cha sukulu kuti alamulire ofooka. Choipa china chofanana nacho ndi chizolowezi choitana makaputeni awiri kuti asankhe osewera mmodzimmodzi, chimene pamaso chimaoneka ngati kupatsa ana ufulu, koma amene anaonapo nkhope ya mwana wotsala pomalizira, ataima yekha, akukanda pansi ndi chala, pamene makaputeni akukankhirana kuti mutengeni ndinu, sangachitchenso ufulu. Kugawa matimu ndi chimodzi mwa zinthu zimene mphunzitsi ayenera kuzigwira yekha, kapena kuzichita mwa maere.

Mawu amene phunziroli likuwasowa kwambiri ndi a iwo amene sakweza mkono. Ndi a mtsikana wa Sitandade 7 amene watha msinkhu, amene sangadumphe ndi diresi la yunifolomu pamaso pa anyamata, ndipo masiku ena a mwezi amanamizira mutu chifukwa palibe amene angamuuze choona. Ndi a mwana wachialubino, amene dzuwa la mwezi wa October limamuwotcha khungu ndi kumuthobwa m'maso, ndipo akadafunsidwa akadapempha chipewa, mthunzi wa mtengo wa mango ndi mpira wa mtundu wowala. Ndi a mwana woyenda ndi ndodo, amene chaka ndi chaka ntchito yake ndi kulondera nsapato za anzake. Ndi a uja wayenda mtunda wautali m'mimba muli zii, amene akadakonda kuti kuthamanga kubwere phala litamwedwa. Palibe mmodzi wa amenewa amene adzalankhule pa chigulu. Motero kufunsa kwenikweni kumafuna luso: atsikana afunsidwe paokha, ndipo pa nkhani zina afunsidwe ndi mphunzitsi wamkazi, ana akambirane m'timagulu ta anthu asanu, aliyense alankhule mwa kulandizana, odziwa kulemba alembe pa kapepala kopanda dzina, aang'ono ajambule chimene chinawakondweretsa ndi chimene chinawaliza, kapena aponye mwala m'chitini chimodzi mwa zitatu potuluka pabwalo. Ndiponso funso lenilenilo lisinthe. Kufunsa kuti mukufuna chiyani kumabala phokoso; kufunsa kuti n'chiyani chinakuvutani lero, ndani sanaukhudze mpira, tingatani kuti mawa aukhudze, kumabala nzeru. Tisaiwale kuti Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, amene lero akumveketsa dzina la Malawi m'mabwalo a ku Ulaya ndi ku America, anakulira ku Rumphi m'masiku amene anthu ambiri ankati mpira wa miyendo si wa ana aakazi. Ndipo ndani angawerenge atsikana ena amene ankaufuna mumtima, koma anatumizidwa ku mpira wa manja popanda wowafunsa?

Msampha wachiwiri ndi kufunsa kopanda yankho. Roger Hart, m'kabuku kamene bungwe la UNICEF linasindikiza m'chaka cha 1992, anajambula makwerero a masitepe asanu ndi atatu osonyeza mmene akulu amalowetsera ana m'zochita zawo, ndipo anati masitepe atatu a pansi ndi chinyengo chabe, pamene ana amagwiritsidwa ntchito, kapena kuikidwa patsogolo ngati chokongoletsera, kapena kufunsidwa mwa mwambo zinthu zitagamulidwa kale. Laura Lundy wa ku Queen's University Belfast anawonjezera m'chaka cha 2007 kuti mawu okha sakwanira, koma pafunika zinayi: malo abata oti mwana alankhulirepo, chithandizo choti athe kunena za kumtima kwake, munthu waudindo womumvetsera, ndi kuti zimene wanenazo zikhale ndi mphamvu yosintha kanthu, ndipo boma la Ireland linatenga ganizo limeneli n'kuliika m'ndondomeko yake ya m'chaka cha 2015. Kwa mphunzitsi wa kwathu tanthauzo lake n'lapafupi. Ngati Lachiwiri munafunsa, Lachiwiri linzake mubwere ndi yankho: munapempha zitatu, ichi tichita lero, ichi tichita mvula ikatha chifukwa bwalo laterera, ichi sitichita, ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Ana amapirira kukanizidwa ngati auzidwa chifukwa. Chimene sachipirira ndi kufunsidwa kenaka n'kuiwalidwa, ndipo amene wachitidwa zotere kawiri, kachitatu amangoyankha chimene akuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva.

Ena amaopa kuti ana akafunsidwa adzangosankha zophweka ndi zoseketsa. Koma Stephanie Beni, Tim Fletcher ndi Déirdre Ní Chróinín, aphunzitsi a ku Canada ndi ku Ireland, atasanthula m'chaka cha 2017 zofufuza zambiri za zimene ana eni ake amanena pa masewera, anapeza kuti pambali pa chisangalalo ndi kukhala ndi anzawo, ana amatchulanso ntchito yovuta pa muyeso wowayenera, kuona kuti luso lawo likukula, ndi kuphunzira chinthu chimene chili ndi ntchito pa moyo wawo kunja kwa sukulu. Aliyense amene anaonapo mwana akubwereza phada mpaka dzuwa kulowa, kufuna kuti afike pa mlingo umene mkulu wake amafika, adzavomereza kuti ana sathawa chovuta. Amathawa manyazi ndi kuima pa mzere wautali kudikira mpira umodzi.

Komabe zilipo zimene mwana sangazisenze, ndipo mphunzitsi wozitula pa mutu wa mwana walakwira mwanayo. Akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, ndipo mwambiwu ndi woona pa zinthu zimene kulakwa kwake kumaphunzitsa kosapweteka: gulu likasankha lamulo lopusa, lisiyeni lisewere nalo mphindi zisanu, lidzalisintha lokha. Koma mitambo ikada ndipo mphenzi zikung'anima, kapena bwalo lili ndi magalasi ndi zitsa, kapena anyamata aakulu akufuna kulimbana ndi aang'ono, pamenepo palibe kuvota. Ndiponso mwana sangasankhe chimene sanachionepo. Amene amadziwa mpira wokha adzapempha mpira masiku onse, ndipo ndi udindo wa mphunzitsi kumulawitsa kuponya, kugwira, kudumpha, kugudubuzika, kuvina ndi kuthamanga mopatsana kamtengo, kuti tsiku limene adzafunsidwe akhale ndi zosankhapo. Cholinga cha phunziro, chitetezo cha ana, ndi chilungamo kwa wofooka, zitatuzi zikhale m'manja mwa mphunzitsi nthawi zonse.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi wa kumudzi, amene kalasi yake imapitirira ana 100, mpira ndi umodzi ndipo unaphulika teremu yatha, angamve zonsezi ngati katundu wina woikidwa pa msana wotopa kale. Ndipo iye sayenera kudzudzulidwa ndi munthu amene sanaimepo pamalo pake. Koma pamene ana achuluka ndi pamene kugawana ulamuliro kumapindula koposa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ana 100 pa mzere umodzi, aliyense amaukhudza mpira kamodzi phunziro lisanathe; ana omwewo m'magulu khumi, gulu lililonse lili ndi mtsogoleri wake, mpira wake wachikulunga umene anaumanga okha, ndi ngodya yake ya bwalo, onse amatuluka thukuta, ndipo mphunzitsi amamasuka kuyendera gulu ndi gulu, kuongola dzanja la uyu ndi kulimbikitsa uyo. Masabata oyamba padzakhala chisokonezo, ndipo oyang'ana patali adzati aphunzitsi alekerera ana. N'chifukwa chake mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwa chimene chikuchitika ndi kuchiikira kumbuyo, ndipo makolo a m'komiti ya sukulu auzidwe zisanafike kwa iwo ngati mphekesera.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa thupi ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo ngakhale ana ambiri a kumudzi amakwanitsa muyesowu ndi mtunda wa ku sukulu, mjigo ndi khasu, m'matauni mwathu muli sukulu zambiri zimene zinamangidwa popanda bwalo, ndi ana amene akaweruka amatsekeredwa kumpanda. Pamenepa pakutuluka chosankha china chimene sichili m'manja mwa mphunzitsi wa kalasi yekha, ndicho chakuti kodi phunzirolo lichitika n'komwe kapena ayi. Pakuti mayeso akayandikira, nthawi ya masewera ndiyo imayamba kulandidwa kuti ipatsidwe kwa samu ndi Chingerezi, ndipo imalandidwa mwakachetechete, popeza eni ake alibe kokadandaula. Sukulu imene yatsimikiza mtima kumva ana ake ikonzekere kumva dandaulo limeneli poyambirira, ndipo aphunzitsi aakulu akhale ndi yankho loti akawapatse pa mzere wa m'mawa Lolemba.